Poncho Yosachapa ya Agogo Saturnino

Musanakhazikike, yambani mwandiyankha kaye. Pali kanthu kena kopanda miyendo, kopanda mthunzi, koma mwini wake akapita kumanda iko kamatsala m'nyumba. Ukakasunga kamatha pang'onopang'ono. Ukakachapa kamatha lero lomwe. N'chiyani? Mwalephera? Ndi sukulu zanu zonsezo? Chabwino, tiyeni, yankho mukalipeza pamlatho.

Zenobia, mwana wa mchimwene wanga, ananyamuka pamaliro a agogo ake usiku utapita kale. Linali tsiku lachisanu chiwaikire bambo anga a Saturnino m'manda, tsiku lochapa. Masana azilamu ndi anansi anali atatsikira kumtsinje ndi zovala zonse za malemu, n'kuchapa mpaka sokosi yopanda inzake. Madzulo tinaziyala patebulo monga timachitira: chipewa kumutu, malaya pakati, nsapato kumiyendo, makandulo m'mbali. Pakhomo tinasefapo phulusa kuti m'mawa tidzaone mapazi a malemu ngati adutsa, ndipo aliyense wolowa kapena kutuluka ankachita kulumpha. Kuno ku Pampachaka ngakhale mwana amadziwa kuti chovala chimodzi chikatsala chosachapa mpaka tambala kulira, wakufayo sachoka. Amangozungulira m'mapiri muno akuzizidwa, kufunafuna chake.

Ndiye ine kuyang'ana patebulo paja, ndinaona kuti pakusowa poncho yawo yofiirira ija, chofunda chaubweya chokhala ndi bowo lolowetsa mutu pakati.

"Cirilo, poncho ya bambo ili kuti?"

Cirilo ndi mlongo wanga, chitsirizira m'mimba mwa amayi. Usilikali anachita chaka chimodzi chokha, kusenda mbatata kukhitchini, koma mukamumva akusimba mungati nkhondo zonse za dziko lino anathetsa ndi iyeyo.

"Achemwali, musandichititse manyazi pa anthu," anatero akupukuta chicha, mowa wathu wa chimanga, kukamwa. "Zovala ndasonkhanitsa ndine. Ine! M'nyumba muno simunatsale ngakhale ulusi. Poncho imeneyo inadyedwa ndi njenjete kalekale."

"Njenjete zake ziti zolimba mtima choncho?"

Anthu anaseka pang'ono, chifukwa poncho ija inali yodziwika. Zaka makumi asanu ndi ziwiri sinalawepo madzi a mtsinje. Bambo ankangoiyanika padzuwa n'kuimenya ndi ndodo. Ukati uichape, ankakulanda. "Wodziwa kuchapa imeneyi kulibe," ankatero, nkhani n'kuthera pomwepo.

Zenobia sanaseke nawo. Anaimirira, chikwama chili kale kumsana.

"Azakhali, ndapita. Basi ya kumzinda wa Lima imadutsa kumsewu folo koloko. Ndikaphonya, ntchito yatha."

"Usiku uno? Wekha?"

"Yekha bwanji ine ndilipo?" anatero Cirilo akudzigunda pachifuwa. "Mizimu ya kuno imandidziwa. Ikandiona imapatuka, ina imavula ndi chipewa. Tiye mwanawe, ndikakukweza basi ndi manja angawa."

Analumpha phulusa lija, n'kutuluka. Zimene zinachitika panjira anandiuza yekha Zenobia, ndipo mwana ameneyu sanama. Bodza lonse la banja lathu linathera mwa Cirilo, ena sitinapeze kanthu.

Anayenda bwinobwino mpaka pamene panayamba kuoneka khoma loyera la kumanda. Pamenepo Cirilo anaima n'kuyamba kudzipapasa m'matumba.

"Aa! Fodya. Ndaiwala fodya."

"Simusuta fodya, bambo aang'ono."

"Ndinayamba dzana, chifukwa cha chisoni. Tsogola, ndikupeza pompano."

Zenobia anamva nsapato zikubwerera, poyamba mwaulemu, kenako mothamanga. Zenobia sanakwiye ndipo sanaope. Anangopitirira.

Masiku asanu onsewo anali choncho. Atamuimbira foni kufakitale kumene amasoka mayunifolomu, anati "chabwino," n'kumaliza kaye mkono wa malaya umene unali pamakina. M'basi anagona tulo. Pamanda, ife tikudzigwetsa pansi, iye anali kuyang'ana nyerere imene inkayenda pa nsapato ya katekisiti. Amayi ena anayamba kunong'ona kuti ku Lima kumaumitsa anthu mtima. Mwana woleredwa ndi mkulu ameneyu, osagwetsa ngakhale dontho limodzi! Iye ankawamva ndithu. Ankadzifufuza m'kati ngati munthu wopapasa mwendo umene wachita dzanzi: ukutsina, ukuona kuti watsina, koma osamva kanthu.

Makolo ake anamusiya kwa agogo ali ndi zaka zitatu, akuti kwa miyezi iwiri yokha. Miyezi iwiriyo inakwana zaka khumi ndi zisanu. Anakulira kumbuyo kwa nkhosa ndi m'mizere ya mbatata. Matalala akayamba kugwa kuphiri, agogo ankangotukula poncho, iye n'kulowa, n'kukhala chete m'kati mwa mdima wofunda uja, akumva matalala akugunda kunja ndi mtima wa agogo ukugunda m'kati. N'chifukwa chake ankamutcha Kambewa. Dzina limeneli ankamuitana ali awiriwiri, ngakhale ine ndinalimva mochita kuba.

Ndiye pa tsiku lachinayi, anthu ali kalikiliki ndi miphika, anatenga poncho ija pamsomali kuseri kwa chitseko n'kuipinda m'chikwama. Mwambo ankaudziwa bwino lomwe. Koma ataika mphuno pamenepo, utsi wa bulugama, ubweya wa nkhosa, masamba a koka amene agogo ankatafuna, thukuta la m'khosi, penapake patali m'chifuwa mwake panachita ngati pagwedezeka. Kanali koyamba kumva kanthu chimwalirire agogo. Anati, ichi chokha sindipereka kumadzi.

Anadutsa khoma la kumanda. Pachipata anaima, n'kuwalitsa tochi ya foni. Mulu watsopano unali pomwepo, maluwa atafota ndi chisanu. Anadikira kuti mwina amva kanthu. Anangomva mphuno ikuzizira. Anapitirira.

Kuchokera kumanda njira imatsika mokhotakhota mpaka kumtsinje. Mwezi unali wotsala chibenthu. Foni inalira kawiri n'kuzima. Anaiponya m'thumba, poti njira imeneyi mapazi ake ankaidziwa okha. Chikwama chokha n'chimene chinayamba kulemera. Poncho ndi yolemera, inde, koma osati ngati thumba la mbatata.

Kenako anamva.

Pha! Pha! Pha!

Anaima. Phokoso lija linaimanso.

Anayenda masitepe atatu.

Pha! Pha!

Munthu akuchapa. Akumenya chovala pamwala. Usiku ngati uno, madzi ake oti ukaviika chala chimauma...

Mlatho wathu ndi wa matabwa, wopapatiza, wokwana bulu mmodzi ndi katundu wake. Agogo sankawoloka pamenepo osavula chipewa n'kuponya masamba atatu a koka m'madzi. Zenobia ali mwana anawafunsapo chifukwa chake. "Ndikupereka moni," anatero. "Kwa ndani?" "Yenda, Kambewa, nkhosa zatisiya."

Anaponda thabwa loyamba. Lachiwiri. Lachitatu linalira.

"Wachedwatu."

Mawu anachokera pansi. Zenobia anasuzumira. Pamwala waukulu wafulati paja panali mayi atagwada, siketi atakwinyira m'chiuno, mapazi ali m'madzi. Anali wamng'ono, msinkhu wake womwewo wa Zenobia, mwina kuposa ndi zaka ziwiri. Tsitsi analuka pawiri n'kumanga ndi ulusi wofiira. Pachibwano panali chipsera.

Pamwala paja panalibe chovala chilichonse.

"Mwaswera bwanji, achemwali," anatero Zenobia, pakuti mwana ameneyu tinamulera bwino.

"Anzako abweretsa zonse masana. Ndaziona. Yatsala imodzi."

"Sindikudziwa zimene mukunena."

"Tsika nayo."

Mtsinje unali kulira monga mwa masiku onse. Zenobia ankaona mpweya wake ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Anayang'ana pakamwa pa mayi uja.

Panalibe utsi.

Miyendo inafuna kuthamanga. Tsidya linali pafupi. Masitepe khumi. Kenako chitunda. Kenako msewu, basi, magetsi, anthu...

"Agogo ako akunjenjemera kumtunda uko," anatero mayi uja, osakweza mawu. "Waima pakhomo, sakulowa, sakuchoka. Satuko ndi wamakani, sangakupemphe. Tsika nayo, Kambewa."

Kambewa!

Zenobia anagwira chingwe cha mlatho. Chinali chozizira ngati mpeni. Sakudziwa kuti anatsika bwanji. Anangopezeka ali pamwala, chikwama chili chotsegula, poncho ataikumbatira pachifuwa ndi manja onse awiri.

"Mukaichapa atha," anatero. Mawu ake anatuluka owuma, ngati akuwerenga chikwangwani. "Ndilibe chithunzi chawo chabwino. Mawu awo ndayamba kale kuiwala. Muno mokha ndi mmene atsalamo."

Mayi uja anamuyang'ana nthawi yaitali. Tsitsi lake linali kudontha madzi, dontho, dontho, osaleka.

"Nunkhiza," anatero.

Eya, yankho lanu lija ndi limeneli, inu a sukulu. Fungo la munthu pa chovala chake.

Zenobia anakwirira nkhope yonse mu ubweya muja. Anakoka mpweya mpaka nthiti kuwawa. Utsi. Nkhosa. Koka. Matalala akugunda kunja. Anakhala momwemo, ndipo mayi uja sanamufulumizitse. Kutali, kumtunda kwa mudzi, galu anauwa kamodzi. Kum'mawa kunali kusanayere, koma nyenyezi zinali zitayamba kuchepa mphamvu.

Anatambasula manja.

Zala za mayi uja zitakhudza zake, dzanzi lija linakwera mpaka m'mapewa.

Sopo sanagwiritse. Anatulutsa muzu m'chiuno, n'kuuphwanya ndi mwala mpaka thovu. "Sopo amapha ubweya," anatero ngati akudzilankhulira. Anaviika poncho, n'kuiponda ndi mapazi, n'kuitembenuza. Madzi anada bii. "Taonani litsiro. Mwamuna ameneyu! Ndinaluka miyezi inayi, chala mpaka kupindika, iye n'kumaisunga ngati chikopa cha bulu."

Pha! Pha! Pha!

Fungo lija linakwera kamodzi, lonse, lamphamvu, kudzaza pansi pa mlatho ponse ngati agogo aima pomwepo. Kenako mphepo ya mumtsinje inalitenga.

Kunatsala fungo la madzi.

"Gwira uko, tifinye."

Anafinya awiri, wina uku wina uku. Mayi uja anali ndi mphamvu ngati amuna atatu. Anaipinda kanayi n'kumusenzetsa pamutu.

"Thamanga, tambala asanalire. Ukafika ukamuuze Dosia aphule mphika uja, ndachedwa." Anayamba kutsukuluza manja, kenako anatembenuka ngati wakumbukira kanthu. "Nanga kamwana kaja kanasiya kudzikodzera? Kanandinyowetsa msana m'mawa wonse."

"Kamwana kake kati, achemwali?"

Zenobia anakonza katundu pamutu kuti aone bwino.

Pamwala panalibe munthu. Thovu lokha, likuzungulira, likupita.

Anakwera chitunda chija madzi akumutsikira m'khosi ndi kumsana. Poncho inamasuka n'kulendewera mbali zonse mpaka kumuphimba nkhope, koma sanaime kuti aikonze. Manda anawadutsa osawaona. Basi inalira hutala kutsidya, iye osatembenuka.

Tsopano kunyumba kuja ife tinali titatopa ndi kupemphera korona, tikumwa kachasu wa nzimbe kuti tisagone. Cirilo anali atabwera kalekale. Ndinadziwa pambuyo pake kuti anayamba wabisala m'khola la nkhosa ola lathunthu kuti nthawi ikwane. Anakhala pafupi ndi khomo, miyendo atatambasula, nkhani ili m'kamwa.

"Ndamukweza ndithu. Ndamuuza dalaivala kuti uyu ndi mwana wa msilikali, umusamale. Pobwera ndinaima pakati pa mlatho, ndekha, n'kukuwa kuti, ngati kuli mzimu kuno utuluke tionane! Zii. Ndinadutsa kumanda n'kugogoda pachipata. Zii. Ine bambo atati atulukire pakhomo apa, ndingawauze kuti, mdala, khalani apa, tapumulani, timweko..."

Chitseko chinalira.

Pakhomo panaima poncho yofiirira. Yopanda mutu. Ikudontha madzi.

"Mayooo! Bambo! Si ine! Ndi achemwali anati tigulitse nkhosa!"

Sindinaonepo munthu wa zaka zoposa makumi asanu akulowa pansi pa tebulo mwachangu chotero. Makandulo anagwedezeka. Kunena zoona, tonse tinauma. Katekisiti anayamba pemphero la chakudya.

Poncho ija inalumpha phulusa mwaulemu, n'kutukuka, pansi pake n'kutuluka Zenobia, milomo ili yotuwa.

"Ndinaiba ndine, azakhali. Yachapidwa."

Sindinafunse zambiri. Tinaigwira awiri n'kuiyala pamwamba pa malaya, bowo lake kulunjika pa chipewa. Titangochotsa manja, tambala wa a Anacleto oyandikana nafe analira.

Ndinamufunditsa bulangeti, n'kumupatsa kachasu pang'ono. "Wachapa wekha? Mumdima?"

"Anachapa ndi mayi wina pansi pa mlatho. Sindikumudziwa, koma ndi wa konkuno. Wamng'ono ngati ine. Chipsera apa. Ulusi wofiira kutsitsi." Ankalankhula mosakweza, mosatsitsa, maso ali pakandulo. "Agogo amawatchula kuti Satuko. Ndipo akuti ndimuuze Dosia aphule mphika, wachedwa. Dosia ndi ndani?"

Ine dzina langa ndi Teodosia. Amene ankandiitana kuti Dosia anali munthu mmodzi yekha.

Mukundidziwa, pakamwa panga sipatsekeka, ngakhale m'tchalitchi. Koma apo ndinakhala pansi.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Unali mwezi wa mvula, mlatho usanamangidwe. Amayi, a Eulogia, anatsitsa khanda kumsana, n'kundipatsa, n'kunena kuti, "Dosia, uyang'anire mphika wa tiriguwo usapserere, ndikukachapa, sindichedwa." Kumtunda kunagwa mvula imene ife kuno sitinaione. Madzi anabwera kamodzi. Sanapezeke, n'chifukwa chake kumanda kulibe mtanda wawo, ndipo bambo sanafune kuti nkhaniyo izikambidwa m'nyumba. Ana anakula akungodziwa kuti agogo aakazi anamwalira kale. Mphika uja ndinauyang'anira mpaka usiku. Unapserera. Sindinauphule, poti sanandiuze kuti ndiphule.

"Ndi agogo ako aakazi amenewo," ndinatero. "Anapita ndi madzi pamwala pomwepo, zaka makumi asanu ndi ziwiri zapitazo. Poncho iyi analuka ndi iwo."

Zenobia anagwedeza mutu pang'ono, ngati ndamuuza mtengo wa mchere. Maso ali owuma.

Kutayera tinatenga kandulo kukaona phulusa. A Anacleto ndi amene anayamba kuloza. Panali mapazi a bambo, sitikanawasokoneza, chala chachikulu chakumanzere chinali chokhota. Ankatuluka. Pambali pake panali ena aang'ono, opanda nsapato, ndipo pamene anaponda phulusa linali lonyowa. Ankatulukanso. Ankayenda moyandikana kwambiri, ngati anthu awiri ofunda chinthu chimodzi.

Apo m'pamene nsalu ya patebulo inagwedezeka, Cirilo n'kutuluka chokwawa, akudzisasa m'mawondo.

"Mwaona? Ndinadziwa ine kuti ndi Zenobia. Ndinalowa pansipo dala, kugwira miyendo ya tebulo kuti makandulo asagwe ndi mantha anuwo. Ndi nzeru za kunkhondo zimenezo, inu simungazidziwe."

"Basi ija munandikweza ija yandibweza, bambo aang'ono," anatero Zenobia. "Fodya munamupeza?"

Anthu anayamba kutsokomola. Cirilo anatukula chibwano n'kuima mowongoka pakati pa nyumba, pamene kuwala kwa pakhomo kunkagwera. Kumeneko ndiye kunali kulakwitsa kwake. Buluku lake lotuwa lija linali lakuda kuyambira pa lamba mpaka m'mawondo.

"Ndi madzi a poncho," anatero msanga. "Amadontha patebulo."

"Poncho yadontha kumutu kwa tebulo, achimwene," anatero a Anacleto. "Inu munali kumiyendo."

Zenobia anayang'ana buluku lija. Anayang'ana ine.

"Azakhali... anafunsanso china. Akuti, kamwana kaja kanawanyowetsa msana kaja... kanasiya kudzikodzera?"

Ndinamuyang'ana mlongo wanga, msilikali wa mbatata, kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ukadzadutsanso pamlatho, mwanawe, ukawauze amayi kuti mphika ndaphula. Koma kamwanako ayi. Sikanasiye."

Nyumba inaphulika. Katekisiti anachita kugwira khoma. Amayi aja ankanong'ona za mtima wouma aja anagwerana pamiyendo. Cirilo anati alumphe phulusa athawe, n'kuterereka, n'kukhalira pomwepo, phulusa lonse n'kumamatira pamene pananyowa paja.

Ndipo Zenobia anaseka. Anaseka mpaka kupinda, bulangeti n'kugwa, mpaka mpweya kumuthera. Pakati pa kusekako mawu anasintha. Anagwada patebulo, n'kuyika nkhope pa poncho yonyowa ija, imene tsopano inkangonunkha mtsinje, n'kuyamba kuitana agogo ake mokweza, mmene ankawaitanira kuphiri matalala akayamba.

Tinamusiya alire. Ine ndinapita kukafunira Cirilo buluku lina, koma mabuluku onse a m'nyumbamo anali a malemu aja, ali patebulo, ndipo palibe amene akanamubwereka.